Funsani Ankolo: Phiri lili pakhomo koma mpopi uli gwa

Mwezi uno mauthenga ambiri abwera kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo ndipo pafupifupi onse akulira chinthu chimodzi, madzi. Nzosadabwitsa, Okutobala wafika, dzuwa likuswa mtengo, mitsinje yatsika mpaka miyala yonse ili poyera. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono poti anthu inu mukayamba kulemba simutopa.

FUNSO: Ankolo muli bwa? Ine ndimakhala pa Mulanje boma, nyumba ya lendi koma mita ndi yathu tokha. Miyezi itatu yapitayi bilu ya madzi yangokwera mpaka kuwirikiza kawiri chonsecho pakhomo tilipo anthu omwe aja, ine, abambo akunyumba, ana atatu ndi kamtsikana kachibale, makina ochapira tilibe galimoto tilibe olo maluwa sitithirira. Abambo akuti ndi ana akuseweretsa madzi moti pena mnyumba mukumakhala kusayankhulana. Kodi mita imatha kunama? Mayi wodandaula, Mulanje boma.

YANKHO: Mayi, anawo asiyeni kaye, mlandu sunawapeze. Mita kuonongeka zimachitika koma ikakalamba kawirikawiri imayamba kuwerenga mochepera osati mopitirira, nde musanakwere kabaza kukalalata ku ofesi yambani mwachita ichi. Usiku mukamakagona tungiranitu madzi akumwa ndi ena mu ndowa a kuchimbudzi, tsekani mipopi yonse, mupite pa mita ndi tochi ya foni mujambule manambala. Akuda aja amawerenga ma cubic metre, imodzi ndi malita 1,000 kapena tinene zigubu 50 zija za malita 20, ofiirawo ndi tizidutswa take. Mmawa munthu asanakhudze mpopi kajambuleninso. Ngati asuntha, madzi akutuluka penapake inu muli mtulo. Koma muyese usiku woti madzi alipo, chifukwa ngati anasiya kale madzulo mita ingokhala phee inu nkumati zonse zili bho.

Poyambira kusaka ndi ku toilet, mbava yaikulu m'nyumba zambiri imagona kumeneko. Poti muli kwawo kwa tiyi, phikani wakuda bii wopanda mkaka, azizire, muthire mu kathanki ka toilet osagejemula, mudikire mphindi 30. Mukaona mtundu wa tiyi watsikira m'munsi ndiye kuti labala ya mkati inatha ndipo madzi akudutsa usana ndi usiku mwakachetechete. Matoilet akale aja a chogwirira chapambali ambiri satayira mkati, amatayira kunja kudzera pa kapaipi kotulukira kukhoma, nde zungulirani kuseri kwa nyumba muyang'ane, mukapeza khoma lili ndi mzere wa ndere zobiriwira kutsika pansi, pansipo pali noninoni ndipo nkhuku zimakonda kukamwa pomwepo, mwaipeza. Pamenepo vuto ndi ball valve, kampira koyandama kaja sikakutsekanso madzi thanki ikadzadza. Pena kungopinda pang'ono kachitsulo kake kuloza pansi zimatheka, pena mpaka kusintha washa, zonsezi ndi zotchipa kuyerekeza ndi bilu ya mwezi umodzi.

Mpopi wodontha anthu amaupeputsa heavy. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse, pofika mawa nthawi yomweyo ndi malita pafupifupi 20, pamwezi 600, migolo itatu imeneyo. Nde m'malo mogula washa timatenga mphira ya chubu ya njinga nkukulunga mpopi wonse kumangitsa mpaka manja kuwawa, madzi nkumadutsabe pansi pa mphirayo chaka chathunthu.

Mukapanda kupeza kanthu mnyumba tsekani stop cock yolowetsa madzi mnyumbamo muonenso mita. Ikamayendabe, paipi yabooka pansi pakati pa mita ndi nyumba. Mwezi ngati uno kupeza pake nkosavuta, pabwalo ponse pali fumbi koma pali kamalo kamodzi kapinga ali biriwiri, kumbani pamenepo. Mapaipi achitsulo akale amadyeka ndi dzimbiri, akuda apulasitiki aja akakwiriridwa pamwambamwamba amatemedwa ndi khasu munthu nkukwirira msangamsanga osauza aliyense. Kuchokera pa mita kulowa kwanu kukonza ndi kwa inu kapena alandilodi, kuchokera pa mita kupita kumsewu ndi kwa a Southern Region Water Board omwe amapereka madzi pa Mulanje boma, Thyolo ndi Luchenza, ndipo mukaona paipi yaphulika mumsewu auzeni, osangodumpha nkumapita.

Chizolowezi china choti musiye ndi chosiya mipopi yotsegula podikira madzi. Akamabwera atasowa nthawi yaitali umayamba kudutsa ndi mpweya ndipo umatha kuzunguza mita, kenako madzi enieni amafika 2 koloko usiku nonse mukuliza mkonono. Kuti mudziwe ngati mukupyola muyeso, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu amafunika malita 50 mpaka 100 patsiku pa zonse, nde inu anthu 6 pamwezi muziyembekeza ma cubic metre 9 mpaka 18. Ngati usiku mita sikuyenda koma bilu ikuonetsa 30, funsani bwinobwino zomwe zimachitika pa mpopi wapanja masana inu kulibe. Sindikunena munthu ayi, koma ndowa za aneba nazo zimadziwa nthawi yomwe mwininyumba amachoka.

FUNSO: Ndinaona pa Facebook akuti ukaika njerwa mu thanki ya toilet umapulumutsa madzi, zoona? Mphunzitsi, Chisitu.

YANKHO: Aphunzitsi, nzeruyo ndi yoona koma njerwa ayi. Njerwa zathu zootchazi zikakhalitsa m'madzi zimanyenyeka, timchenga take nkukadya malabala, mapeto ake toilet yoyamba kudontha. Tengani botolo lapulasitiki la lita imodzi, muikemo timiyala, mudzadze madzi, mutseke, muliimike pakona posakhudza kampira koyandama. Mathanki akale amataya malita 9 kapena kuposa pa kugejemula kamodzi pomwe atsopano ambiri ndi 6, nde lita imodzi kuchotsapo palibe chosintha. Mukaona kuti mukuchita kugejemula kawiri chotsani botololo, mwayamba kuluza.

FUNSO: Ankolo kuno kwathu ku Thekerani mjigo uli kutali kumunsi ndipo njira yake ndi chitunda chokhachokha, mayi akunyumba amalawirira mbandakucha kubwera dzuwa litakwera. Chonsecho nthawi ya dzinja madzi amangothamanga kuchoka padenga mpaka akumba chigwembe pafupi ndi khonde. Nyumba ndi yamalata ndamanga chaka chatha, mamita 10 mulitali 6 mulifupi. Thanki yapulasitiki ija ndinafunsa mtengo ku Limbe ndinangoseka nkubwerako. Ndiyambire pati, nanga madzi amvula amamweka? Bambo wa ku Thekerani.

YANKHO: Bambo mwachita bwino kutchula miyeso, tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Denga lanu 10 kuchulukitsa ndi 6 ndi 60, nde mvula yabwinobwino ya mamilimita 20, ija yoti mawa lake anthu nkukabzala, imakugwetserani malita 1,200. Chotsanipo otayika ndi othamanga kupyola gatala, mutsala ndi 1,000, migolo isanu pa mvula imodzi. Olo chaka chitakhala cha mamilimita 1,000 okha, denga limenelo ladutsitsa malita 60,000, ndipo madera ena a tiyi kufupi ndi phiri la Mulanje mvula imapyola 2,000. Nde madzi alipo, chovuta ndi posungira.

Apa ndikuuzeni chilungamo chifukwa ena amagula thanki nkudzakhumudwa. Thanki ya malita 5,000 banja la anthu 6 likamatunga malita 20 aliyense patsiku imatha pa masiku 41 basi, mvula ikasiya mu Epulo pofika Juni muli mbee. Koma mukati madzi a muthanki ndi akumwa ndi kuphikira kokha, malita 5 munthu aliyense, imakufikitsani miyezi isanu ndi kuposerapo, komanso kwanuko muli ndi mwayi wa chiperoni cha Juni ndi Julayi chomwe chimaonjezeramo pang'onopang'ono. Ndipo musaiwale phindu lina, miyezi yonse ya dzinja mayiwo sakutsikanso chitunda choterera chija ndi ndowa pamutu. Chimenecho chokha ndi chachikulu olo mutakhala ndi migolo iwiri yokha.

Nde yambani ndi gatala osati thanki. Lata limodzi mmisiri akalidula mizere nkulipinda limakwana mbali yaitali ndithu, ena amang'amba pakati paipi ya PVC, ena nsungwi zikuluzikulu kuchotsa mfundo zamkati ngakhale izi zimafuna kusintha pakapita nthawi. Gatala apendekeke pang'ono kuloza komwe kuli mgolo, ndipo mumangitse ndithu ndi mawaya kapena mabulaketi chifukwa mvula ya Januwale ikamakhuthuka amalemera. Migolo muzigula umodziumodzi mukagulitsa nthochi kapena nandolo, nkumailumikiza ndi kapaipi. Koma funsani munali chani mumgolomo. Migolo ndi zigubu zomwe munali mankhwala opopera mbewu zimapezeka motchipa m'madera a maesiteti ndipo zimaoneka zolimba bwino, musaikemo madzi akumwa olo mutatsuka ndi sopo kangati. Mukadzapeza mphamvu thanki ya njerwa ndi simenti imatheka, bola mmisiri wake akhale woti anamangapo thanki osati nyumba zokha, chifukwa ikang'aluka kamodzi ndalama zonse zalowa m'madzi. Malita 5,000 kulemera kwake ndi matani 5, pansi pake pakhale polimba ndi posalala makamaka pamalo otsetsereka ngati kwanuko.

Kumweka amamweka koma osati mmene agwera. Mvula yoyamba isiyeni itsuke denga, pamakhala fumbi la miyezi yambiri, zitosi za mbalame, abuluzi akufa, ndipo ngakhale pakati pa dzinja mvula ikadukiza masiku angapo ndowa ziwiri zoyambirira muzithira ku nthochi. Pakamwa pa mgolo pakhale sefa, chidutswa cha neti yakale chimagwira, ndipo chivindikiro chikhale cholemera choti mwana sangasunthe, izi ndi za udzudzu komanso ana ogwera m'migolo chadodolido. Akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, nkudikira mphindi 30. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, si nkhani yoti tizichita nayo chibwana.

Chigwembe cha pakhondecho musachilekerere, madzi saiwala khwawa, chaka chamawa chidzafika pa fandeshoni. Osefukira m'migolo muwakumbire kangalande kopita kutali ndi nyumba kukathera mu dzenje lomwe mwazunguliza nthochi.

FUNSO: Boss man, ndili ndi car wash pa Luchenza, anyamata atatu, timatsuka maminibasi, ma Sienta ndi njinga za kabaza. Makasitomala alipo koma ndalama yonse ikuthera madzi moti mwezi ukatha ndimangoona ngati ndikugwirira ntchito mpopi. Ndikweze mtengo? Wachinyamata wa pa Luchenza.

YANKHO: Aise musanakweze mtengo khalani tsiku limodzi pa car wash panupo osagwira foni, muzingoyang'ana hozi paipi. Mnyamata akamapaka sopo hoziyo ili kuti? Ili pansi ikukhavukira mu ngalande. Hozi wamba presha ikakhala bwino imatulutsa malita cha m'ma 15 pa mphindi, mphindi 20 ndi malita 300 pa galimoto imodzi, pomwe ndowa zinayi za malita 20 zimaitsuka mpaka kuwala. Ngati simukufuna kusiya hozi gulani kamfuti kaja kotsekera kumapeto, ukasiya kukanikiza madzi amasiya okha, kamabweza ndalama yake sabata isanathe. Makina a presha nawo amadya madzi ochepa kuposa hozi koma amafuna magetsi, nde mukudziwa kale nkhani yake, musataye ndowa.

Matope ofiira a kuno akauma m'mataya ndi kunsi kwa galimoto anyamata amafuna kuwasungunula ndi madzi okhaokha. Ayi, ayambe agogoda ndi kupala ndi kamtengo ndi bulashi, mamati akutumule fumbi kaye, madzi abwere pambuyo. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsanza, apo ayi madzi asopo amada msanga nkumatayidwa kawirikawiri.

Chachikulu chomwe ndingakulangizeni ndi maenje. Potsukirapo pakhale simenti yopendekeka, madzi azitsikira mu dzenje loyamba momwe matope amadikha, apitirire lachiwiri kudzera pa kapaipi kotengera madzi chapakati osati pamwamba kuti oilo atsalire, lachitatu mupeza madzi oti maso sangadandaule. Amenewo ndi otsukira mataya, kunsi ndi njinga zamoto zamatope, a pampopi angokhala otsirizira bodi ndi magalasi. Matope muzikokolola sabata iliyonse, oilo woyandama muziwengula osamuthira mu ngalande. Ndipo lembani mu kope, mita mmawa, mita madzulo, magalimoto angati. Mukagawa mudziwa malita a galimoto imodzi, ndipo tsiku lomwe nambala yakwera mudziwa kuti pa shifiti panali ndani. Mwezi uno wa Mulhako magalimoto opita ku Chonde adutsa ambiri pakhomo panupo, yambani pano. A malesitilanti ndi masaluni amene mukuwerenga, kope lomweli likukukhudzani, mbale zitsukidwe m'mabeseni osati pa mpopi wotsegula, ndipo kasitomala akamapakidwa shampu mpopi utsekedwe.

Amene mumatsukira njinga ndi magalimoto mumtsinje chifukwa ndi zaulere, kumunsi kwanuko kuli anthu akutunga omwewo.

FUNSO: Ankolo ine mungondikhululukira nkhani yosamala madziyi imandinyansa. Madzi a m'phiri lathu akupita ku Blantyre m'mapaipi akuluakulu tikuwaona ndi maso, ife eni ake tikulimbirana mpopi umodzi womwenso umatuluka tsiku lomwe wafuna. Nde mukuti ine ndizisamala madzi kuti a m'tauni asambe bwino? Mnyamata wokwiya, cha ku Likhubula.

YANKHO: Achimwene mkwiyo wanu ndaumva ndipo simuli nokha, ntchito imeneyi isanayambe anthu a ku Mulanje anachitapo zionetsero kufuna kuti phiri libzalidwe kaye mitengo ndiponso eni dera aonepo phindu. A Blantyre Water Board amatenga madzi mu Likhubula nkupita nawo ku Nguludi kokawayeretsa, anaipanga kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku ndipo ndalama zake inali ngongole yochokera ku India. Chinawakokera kuno ndi kutsetsereka, madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry mu Shire ndipo amachita kukankhidwa ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800, pomwe a m'phiri amatsika okha. Funso loti anthu a m'mphepete mwa phiri akupindulapo chani ndi loyenera ndithu, ine ndili mbali yanu pamenepo, lifunseni kwa akhansala, a MP ndi ku khonsolo ndipo musatope.

Koma mpopi wa m'mudzi mwanu ukamataya madzi wa ku Ndirande samva kuwawa kulikonse, paipi yake ndi ina. Mipopi yambiri ya m'midzi kuno ndi ija yoyenda yokha popanda injini, inayambira ku Chingale ku Zomba mu 1968 kenako nkufika ku Mulanje, makolo athu akukumba okha ngalande za mapaipi ndi makasu popanda malipiro. Madzi amalowa pa intake kumtunda mumtsinje, amadikha mu thanki, nkumatsika mudzi ndi mudzi pa laini imodzi. Inu muli kufupi ndi phiri ndinu oyamba kulandira. Mpopi wanu ukathyoka mutu nkumangothamanga usiku wonse, kapena wina akaboola paipi kuti athirire dimba kapena aumbe njerwa, thanki sidzadza, presha imagwa, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo amene amagona ndi ludzu ndi agogo a kumapeto kwa laini makilomita ambiri kumunsi, Alhomwe anzanu omwe. Iwonso akaona kuti madzi sakubwera amasiya kusonkha ya pamwezi, a Water Users Association, bungwe loyang'anira mipopiyi, nkusowa yogulira zipangizo, laini yonse nkufa, inu ndi mpopi wanu womwe.

Nanga kumtundako? Nkhalango ndi udzu wa pamwamba pa phiri zimagwira mvula ngati chinkhupule nkumaifinya pang'onopang'ono mpaka Novembala. Tikamatentha tchire posaka nyama, kuotcha makala ndi kudula mitengo, mkungudza uja tinachita kuutheratu, madzi onse amatsika nthawi imodzi mu Febuluwale ali ofiira, nkudzadza intake ndi mchenga, pofika mwezi uno mtsinje watsala kamkodzo. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola ma intake ndi mapaipi ambiri mbali ino, mvula yake inali yoti mitengo yokha sikanaimitsa, koma malo omwe anali mbee ndi amene anang'ambika mosavuta. Nde kwiyani, koma Loweruka pakakhala ntchito yochotsa mchenga pa intake kapena kulambula njira zotchinga moto mukapezeke, ndipo mutu wa mpopi wothyokawo sonkherani mugule.

FUNSO: Ine ndimalima matimati, mpiru ndi kabichi kudimba cha ku Bvumbwe, ndi zomwe ndimalipirira ana fizi. Chitsime changa chaka chino chikumaphwa ndisanamalize kuthirira, ndimadikira chidzadze kenako ndimathirira masana dzuwa lili pamutu. Ndikumbe china? Mayi wa geni ya masamba, Bvumbwe.

YANKHO: Achemwali chitsime china pafupi ndi chomwecho chidzangolandana madzi ndi chinzake, pansipo madzi ake ndi amodzi. Tiyambe ndi omwe muli nawo. Othirira masana ambiri amapita ndi dzuwa ndi mphepo asanafike ku mizu, nde gawani dimba pawiri, mbali ina mbandakucha, chitsime chipume tsiku lonse, mbali inayo madzulo dzuwa litapendeka. Ngati muli ndi mgolo tungiranimo masana chitsime chikamabwerera.

Kenako phimbirani. Mukadutsa m'minda ya tiyi atangodulira muona nthambi ndi masamba onse amazisiya pansi pomwepo, si ulesi, akusunga chinyontho ndi kudyetsa nthaka. Inunso udzu wouma, mapesi, makoko a nandolo, masamba a nthochi, yalani mochindikala ngati zala zinayi, kungosiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisaole komanso chiswe chisafike. Pakatha masiku awiri pisani chala pansi pa udzuwo mufananize ndi bedi losaphimbira, mudzandiuza. Chala chomwecho ndiye chizikuuzani tsiku lothirira, mukapisa mpaka mfundo yachiwiri nkupeza muli chinyontho dumphani tsiku limenelo. Kuthirira kwambiri kamodzi nkudumphitsa kumaposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa kuwazako mizu imangoyandama pamwamba nkumapsa. Mbande zongookera kumene zokha ndi zomwe zimafuna tsiku ndi tsiku.

Mabedi a chilimwe akhale olowa pansi okhala ndi kamkhonde kuzungulira, okwera aja ndi a dzinja. Pa matimati chotsani kusefa kwa kheni muzithira patsinde, masamba akamanyowa ndi pomwe chiwawu chimakondwa. Manyowa ambiri, nthaka ya manyowa imasunga madzi nthawi yaitali kuposa ya feteleza yekha. Pa mbewu zotalikirana mabotolo a malita awiri obooledwa timabowo tiwiri kapena titatu kunsi nkukwiriridwa pafupi ndi tsinde amagwira bwino, koma pa dimba lonse la geni mungatope nazo, ine ndingaike pa matimati okha. Ndipo ngati madzi sakukwanabe chepetsani mabedi, theka lokhuta limagulitsa bwino pa msika wa Bvumbwe kuposa dimba lonse la kabichi wofota.

Chitsime chimadyetsedwa nthawi ya dzinja ndi munda wa kumtunda kwake. Akalozera, mizere ya ngonyeka, vetiva m'migula, maswale (ngalande zogwira madzi a mvula), zonsezi zimaimitsa madzi kuti alowe pansi m'malo mothamangira kumtsinje, alangizi a zaulimi akhoza kukuthandizani kuyeza. Muonenso ngati pafupi ndi kasupe palibe bulugamu, mtengo umene uja ndi wabwino pa mapolo ndi nkhuni koma malo ake ndi kumtunda kutali ndi madzi. Zinanso, pa ng'amba ya El Niño ya 2024 ija boma mpaka linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndiye zaka zoterezi musamazione ngati zachilendo pokonza kukula kwa dimba.

FUNSO: Madzi a kubafa ndi ochapira ndingathirire ndiwo zamasamba? Mtsikana wa ku Limbuli.

YANKHO: Ku nthochi, mapapaya, mapeyala ndi mitengo ina inde, ku masamba ndi zodya zosaphika ayi. Athireni pansi tsiku lomwelo, akagona amanunkha ndipo tizilombo timaswana. Ochapira matewera ndi omwe mwathira jiki asapite ku mbewu iliyonse, ndipo a sopo waufa wambiri muzisinthasintha malo chifukwa mchere wake umaunjikana m'nthaka. Otsukuluzira omaliza aja ndi abwino kukolopera kapena kuthira ku toilet.

FUNSO: Ankolo ndimayang'anira kaloji kena pa Thyolo boma, abwana amafuna kapinga azikhala wobiriwira chaka chonse poti amachititsapo zinkhoswe ndi maphwando, sprinkler imazungulira kuyambira mmawa mpaka madzulo ndipo alendo m'zipinda akumadandaula kuti shawa ilibe mphamvu. Ndiwauze bwanji? Manijala wopanikizika.

YANKHO: Abwana sauzidwa ndi pakamwa, apatseni manambala. Werengani mita sprinkler isanayambe ndi itatha ola limodzi, muchulukitse ndi maola a pamwezi, pepalalo mulisiye patebulo pawo pambali pa bilu. Kenako muwauze kuti kapinga akachita bulauni mu Okutobala sanafe, mvula yoyamba amadzuka yekha. Sankhani kachigawo kamodzi komwe akwati amajambulitsa, kameneko kokha kazithiriridwa kawiri pa sabata mmamawa, ikani chitini chopanda kanthu pakapingapo, madzi akafika mulingo wa chala chimodzi chopingasa tsekani. Wotchetcha asamamete mpaka dothi kuoneka, kapinga wamtali pang'ono amadzitchingira yekha dzuwa, ndipo zotchetchazo azizisiya pomwepo. Kwinako dzalani mitengo ya mthunzi ndi maluwa opirira monga bougainvillea ndi aloe, muphimbire. Madzi a kochapira zovala ndi a mashawa ngati mapaipi ake ali padera ndi a toilet akhoza kupita ku mitengo ndi ku hedge. Akakanabe, afunseni kuti zinkhoswe zimachitika kangati pamwezi, nanga alendo ogona amasamba kangati.